Mimba Itaphwa Anayamba Kugawana Maukonde

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Munali mu Okutobala, chaka chimene anthu othawa nkhondo ku Mozambique anayamba kutsikira kwathu ku Lungwena ambirimbiri, ena atasenza mphasa ndi mapoto, ena ali chimanjamanja. Mwezi umenewu dzuwa limawotcha kwathu, choncho poyamba sindinadabwe. Koma ludzu langali silinali la dzuwa. Ndinkamwa chikho chodzaza, ndipo ndisanachibwezere pamtsuko kukhosi kunali kutauma kale. Padoko ndinkakhala ndi kandowa ka madzi pambali, pofika masana kali gwa. Madziwo sankakhalitsa m'thupi. Ndinkangopita kuseri kwa bango, ndipo tulo tinasowa chifukwa chodzukadzuka.

Nthawi imeneyo ndinali nditapitirira pang'ono zaka makumi anayi. Ndinali ndi chilimira, ukonde waukulu wophera utaka, komanso maboti awiri a matabwa ndi injini imodzi. Panyanja ndinali nditasiya kupita. Ankapita ndi alovi, anyamata okoka ukonde, ndipo amene ankawayang'anira anali a Alubetu, bambo wothawa nkhondo amene ndinawalemba ntchito ndi kuwabwereka kamunda kumtunda. Ntchito yanga inali kukhala pansi pa mkuyu kudikira nsomba.

Ndinali wonenepa kwambiri. Khosi linalowa m'mapewa. Pomanga zingwe za nsapato ndinkachita kupumira. Malaya ankandisokera atelala chifukwa m'sitolo munalibe ondikwana, ndipo njinga yanga inkangoduka masipoko. Chonenepetsa sichinali chobisika. M'mawa ndinkamwa tiyi wamkaka wothira shuga mpaka kumata milomo, ndi buledi wathunthu kapena mulu wa mandazi. Masana nsima ya ufa woyera, mitanda yosawerenga, ndi chambo chosambira m'mafuta. Madzulo mpunga. Pakatipakati zakumwa za m'mabotolo. Shuga ndi mafuta zinali zosavuta kupeza zaka zimenezo, chifukwa othawa nkhondo ankagulitsako zimene alandira kuti apeze sopo ndi ndiwo.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza kuti thupi limeneli linali ngozi. Ankaliombera m'manja. Ndikadutsa pamsika ndinkamva, “Abwana akudya bwino.” Pakhonde panga m'mawa uliwonse pankadzaza azibambo obwera kudzandipatsa moni, moni wake wotha pokhapokha ketulo itauma. Ankandisisita mimba ndi mawu, amvekere imeneyi ndi mimba ya ndalama. Wotsogolera gululi anali mng'ono wanga Petulo, munthu amene sanagwirepo ntchito imodzi kwa nyengo ziwiri zotsatizana, koma wodziwa bwino nthawi imene tiyi amapsa m'nyumba za eni.

Amene anayamba kuda nkhawa anali mkazi wanga, amake Esnati. Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa bafa n'kundionetsa nyerere zitaunjikana pamene ndinakodza. Ndinangoseka. Mu Novembala maso anayamba kuchita chifunga, moti boti likamabwera sindinkatha kuzindikira ngati ndi langa. Mwezi womwewo ndinaponda munga wa kampango padoko, n'kundibaya pansi pa chala chaching'ono cha phazi lamanzere. Msodzi aliyense anabayidwapo ndi munga wotere, ndipo bala lake limapola pa sabata. Langa silinapole. Pofika Disembala linali chilonda chotuluka mafinya, chonunkha, ndipo phazi linatupa.

Petulo anapeza yankho msanga. Anati eni maukonde anzanga andilodza chifukwa cha nsanje, ndipo anabweretsa sing'anga wochokera kumapiri. Munthuyo anayang'ana phazi langa ali patali, atatseka mphuno, n'kunena kuti ndinaponda mankhwala. Ananditema mphini kuzungulira chilondacho, ndiye kuti anawonjezera mabala pa mwendo umene unkalephera kale kupoletsa bala limodzi. Anandisiyira botolo la mizu yosakaniza ndi uchi, kuti ndizimwa m'mawa ndi madzulo. Uchi, kwa munthu amene magazi ake anali atasanduka kale manyuchi! Anachoka akukoka mbuzi yanga yaikulu, Petulo akumuthandiza kuikusa. Ndinataya masabata angapo ndikumwa zimenezo.

Mu Januwale ndinagwa pakhonde. Sindinakomoke, koma miyendo inangokana ndipo thupi linatentha. Msewu unali utawonongeka ndi mvula, ndipo panalibe njinga imene ikanandinyamula. Amake Esnati ndi a Alubetu anandigoneka m'boti pamwamba pa ukonde, n'kutsika nane panyanja mpaka kulowa mu Shire, kukakocheza pafupi ndi mlatho wa paboma. Mwa azibambo a pakhonde aja palibe amene anakwera nafe. Onse anali ndi zochita tsiku limenelo.

Kuchipatala tinafika chakum'mawa ndipo tinapeza mzere utazungulira khonde. Tinakhala pabenchi, kusuntha pang'ono, kukhalanso. Atandilembera chiphaso anandikweza pasikelo, ndipo muvi unapitirira makilogalamu zana. Anandipatsa kabotolo koti ndikodzeremo. Mnyamata wa m'chipinda choyezera anathira mkodzowo m'mankhwala obiriwira ngati mtambo, n'kuutenthetsa pakamoto, ndipo ine ndikuona unasanduka wofiira ngati njerwa. Ananditenganso magazi. Adokotala anandiona dzuwa litapendeka. Anafunsa za ludzu, za maso, za dzanzi kumapazi, kenako anati, “Bambo, muli ndi matenda a shuga. Mwachedwa, koma osati kwambiri. Tikugonekani chifukwa cha phazili.”

Wodi inali yodzaza. Pabedi munthu, pansi pa bedi munthu, m'njira munthu. Ambiri anali othawa nkhondo, ana ndi akulu otupa miyendo ndi njala. Analiponso anyamata owonda kwambiri, otsokomola, amene matenda awo palibe ankawatchula dzina mokweza. Tsiku linkayamba ndi kukolopa. Kenako jakisoni, kuyeza mkodzo, ndi kutsuka chilonda, ntchito imene inkandichititsa kuluma nsalu. Adokotala ankadutsa chakumasana, ndipo tsiku lonse lotsala linali kudikira. Amake Esnati ankagona kumalo a odikirira odwala, kuphika pamafuwa pamodzi ndi amayi ena, n'kumabwera belu likalira.

Amene anandiphunzitsa za chakudya anali namwino wina wachikulire, wosaseka. Anapeza mkazi wanga akunditsegulira kontena ya mpunga, n'kuitseka yekha. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena kuti, “Chakudya chili ngati nkhuni. Shuga, buledi, mpunga, ufa woyera ndi kondowole ndi udzu. Zimangoti lawi kamodzi, magazi adzaza shuga, posakhalitsa njala yabweranso. Mgaiwa, mapira, nyemba, nandolo ndi masamba ndi chikuni cha tsanya, chimanyeka pang'onopang'ono tsiku lonse. Inu muzidya zikuni, ndipo pang'ono. Nsima isapose chibakera chanu. Mapiritsi tikupatsani, koma mimbayi ikapanda kuphwa sakuthandizani.” Adokotala ponditulutsa anangowonjezera kuti matendawa satha, koma munthu amakalamba nawo akamatsata malamulo, ndipo ndizibwera mwezi uliwonse kudzayezetsa ndi kutenga mankhwala.

Ndinabwerera kumudzi mu Febuluwale, ndipo amake Esnati anasintha khitchini yonse. Chimanga anasiya kukonola ndi kuviika, ankangopita nacho kuchigayo chonchobe. M'mawa ndinkamwa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lopanda shuga. Masana mtanda umodzi wa mgaiwa, nsomba yowotcha kapena yowiritsa, ndi mbale yaikulu ya nkhwani, kholowa, bonongwe kapena therere. Madzulo nyemba kapena nandolo ndi masamba, nsima pang'ono, nthawi zina osadya nsima n'komwe. Njala ikandipweteka pakati ndinkatafuna mtedza wodzaza dzanja kapena gwafa. Nandolo tinkapeza kwa othawa nkhondo omwewo. Ankalandira nandolo mwezi ndi mwezi mpaka kutopa naye, choncho mkazi wanga ankawapatsa utaka iwo n'kumupatsa nandolo. Itafika nthawi yokolola, akazi awo a Alubetu anatibweretsera mapira a mbewu imene anathawa nayo kwawo ataimanga pansonga ya chitenje, ndipo tinayamba kusakaniza ufa wake ndi mgaiwa.

Masabata oyamba anali owawa. Mutu unkandipweteka, tiyi wopanda shuga ankakoma ngati mankhwala a malungo, ndipo ndinkapsa mtima pachabe. Ndikamva fungo la mandazi pamsika malovu ankadzaza m'kamwa. Chilonda chitayamba kuuma ndinayamba kuyenda m'mawa uliwonse m'mphepete mwa nyanja, nditavala nsapato monga anandilangizira, kukafika padoko loyandikana nalo n'kubwerera. Poyamba ndinkapuma panjira kangapo. Kenako ndinkapita ndi kubwera osakhala pansi. Mu Epulo chilonda chinatsekeka. Mu Juni ndinaboola lamba malo atsopano. Pofika Ogasiti maso anayera, ludzu linatha, ndinkagona mpaka kucha, ndipo mwezi uliwonse muvi wa sikelo ya kuchipatala unkabwerera m'mbuyo. Ndinali ndisanamvepo bwino chotero m'thupi kwa zaka zambiri.

Nthawi yomweyo ndi pamene mudzi unagamula kuti ndikufa.

Azibambo a pakhonde anali atasiya kale kubwera. Anazimiririka sabata yomwe shuga anachoka patebulo, umboni wakuti moni wawo unali wa m'supuni. Tsopano anapeza ntchito ina. Anayamba kuwerenga nthiti zanga. Zaka zimenezo munthu akawonda panali tanthauzo limodzi lokha, ndipo ankalinong'ona ndi mayina osiyanasiyana: kaliwondewonde, magawagawa, matenda atsopanowa. Anakumbukira kuti ndinkapita ku Limbe kukagulitsa nsomba zouma, ndipo anamaliza okha nkhani yonse, mpaka dzina la malo ogona. Ndikawauza kuti ndi shuga, ankagwedeza mutu mwachisoni, amvekere, “Inde, amatero kumene akuchipatala pofuna kumubisira munthu.” Anthu amene sanaonepo mkati mwa chipinda choyezera anasanduka madokotala pansi pa mkuyu.

Kutchalitchi benchi limene ndinkakhala linayamba kukhala ndi malo ambiri. Padoko munthu ankakana chikho chimene ndamwera. Kuchitsime amayi anasiya kubwereka ndowa ya mkazi wanga. Sindikunena izi ngati kuti matenda enawo ndi ochititsa manyazi. Ndinaona anthu amene anali nawodi, ndinagona nawo wodi imodzi. Mmodzi mwa alovi anga anamwalira nawo chaka chomwecho, ndipo anthu opemphera omwewa anaimirira patali, thupi lake n'kusambitsidwa ndi amalume ake okha ndi a Alubetu. Chimene ndinaphunzira n'chakuti kwathu munthu akadwala, choyamba anthu amafuna nkhani, chachiwiri katundu.

Zonsezi ndikanazipirira. Chimene chinandigwetsa chinali cha mwana wanga Esnati. Anali pa chibwenzi ndi mnyamata wogwira ntchito kuhotela ku Makokola, ndipo tsiku la chinkhoswe linali litakambidwa. Akwawo atamva mphekesera anayamba kuzengereza. Anati amalume ali paulendo. Kenako anati adikire malipiro. Kenako zii. Mwanayo sanandinene chilichonse, koma ndinkamuona akusinja maso ali ofiira.

Mu Okutobala wotsatira kunabwera achemwali anga aakulu, a Dorika, amene anakwatiwa ku Monkey Bay. Anatsika panjinga, n'kundiyang'ana, n'kuyamba kulira mokweza ngati afika pamaliro. Atatsegula mbale imene inali patebulo kulira kunasanduka ukali. Anatembenukira mkazi wanga pamaso pa anthu.

“Alamu, mukundiphera mlongo wanga ndi njala. Munthu wa maboti awiri kumadya mgaiwa ngati mkaidi? Nandolo wa othawa nkhondo? Mukufuna afe msanga kuti zonsezi zikhale zanu?”

“Ndi zimene ananena akuchipatala, alamu,” anayankha amake Esnati.

“Akuchipatala anamubala ndi iwo?”

Tsiku lomwelo achemwali analanda khitchini. Anaviika mphale, anagula shuga, mpunga ndi mafuta, n'kunena kuti sachoka mpaka nditabwerera m'thupi. Ine ndinalola. Ndinaganiza kuti ndikanenepako pang'ono pakamwa pa anthu patsekeka, ndipo akuchimuna abwera kudzamaliza za mwana wanga. Mkazi wanga anandichenjeza kamodzi tili awiri, ndipo nditakana kumva anangowasiyira khitchiniyo. Ndinadya za achemwali mwezi wa Novembala wonse ndi Disembala, mpaka Khirisimasi. Kuchipatala sindinapite miyezi imeneyo, chifukwa ndinkadziwa chimene sikelo ndi namwino akanene, ndipo mapiritsi anatha. Masaya anayamba kubwerera. Pakhonde panadzazanso. Azibambo aja anabwera ngati sanachokepo, akuyamika Mulungu kuti abwana achira, makapu ali m'manja.

Ludzu linabwerera Khirisimasi isanafike. Kenako dzanzi kumapazi. Tsiku lina ndinayenda pamchenga wotentha opanda nsapato ndipo sindinamve kanthu. Madzulo ndinapeza thuza pa chala chomwe chija. Linaphulika, linanyeka, ndipo pasanathe masabata awiri chalacho chinada ngati khala. Akuchimuna sanabwere.

Mu Januwale ndinagonekedwanso wodi yomweyo. Adokotala anayang'ana phazi, anayang'ana chiphaso pamene panali miyezi yopanda chidindo, ndipo sanandikalipire. Anangoti, “Chala ichi chafa. Tikachisiya chitenga phazi, phazi litenga mwendo. Tichotsa mawa.” Anandipatsa jakisoni wotsitsa shuga ndi madzi a m'mitsempha. M'mawa mwake sanandilole kudya. Ndinadikira pamachira pakhomo la chipinda cha opaleshoni kuyambira m'mawa mpaka masana, chifukwa kunabwera mayi wovutika pobereka ndipo anayamba ndi iyeyo. Ntchito yanga sinatenge nthawi. Ululu unabwera pambuyo, ndipo chodabwitsa n'chakuti chala chimene kunalibe ndi chimene chinkayabwa. Pabedi loyandikana nane panali bambo wina amene anagwira ntchito pa sitima ya Ilala zaka zambiri, wa matenda omwewa. Iye anafika mochedwa kuposa ine ndipo anamudula mwendo pamwamba pa bondo. Ankakhala tsonga tsiku lonse akuyang'ana pamene bulangeti linaphwa.

A Dorika anabwera kudzandiona kamodzi. Ananyamula mabanzi ndi botolo la chakumwa chotsekemera, kuti ndipeze mphamvu. Namwino wachikulire uja anazitenga m'manja mwawo n'kuwabwezera m'chikwama. Achemwali anakwiya, anati anthu a chipatala ndi amwano, n'kukwera minibasi ya ku Monkey Bay. Za chala sanafunse.

Ndili m'chipatalamo ndinapempha kuti andiyezenso magazi pa matenda amene anthu ankandinenera. Ndinadikira yankho masiku angapo. Adokotala anandiuza kuti sanapeze kanthu. Ndinauza mkazi wanga ndi Esnati basi. Ena onsewo sanali oyenera kuuzidwa.

Zimene zinkachitika kumudzi ndinazimva pambuyo. Petulo anafalitsa kuti andidula mwendo wonse ndipo madokotala anditaya. Anayamba kudzitchula woyang'anira chuma cha banja. Anapita padoko kukatenga chilimira, akuti akachisoketse. A Alubetu anakana kumupatsa. Petulo anawaopseza kuti akawanenera kuboma kuti awatengere kukampu kumalire, popeza ndi mlendo wopanda mawu m'dziko la eni. A Alubetu anapitiriza kupinda ukonde n'kumuyankha kuti, “Kwathu ndinathawa mfuti. Inu muli ndi pakamwa pokha. Abwana akamwalira mudzatenga, lero ayi.”

Atalephera padoko Petulo anapita kunyumba. Amake Esnati anabwerera kumudzi tsiku lina kudzatenga ufa, n'kupeza injini itatulutsidwa pakhonde, Petulo ali ndi munthu wa ku Makanjira amene ankaiyang'anayang'ana kuti agule. Achibale ena awiri anali m'nyumba akukambirana za boti limene aliyense atenge. Mkazi wanga ndi munthu wofatsa, wosakweza mawu. Anatula dengu, anamanga chitenje m'chiuno, n'kukhala pamwamba pa injiniyo.

“Alamu, tikufuna tipeze ya bokosi zinthu zisanafike povuta,” anatero Petulo.

“Amene akufuna injiniyi anyamule pamodzi ndi ine,” anayankha.

Anakhala pomwepo mpaka wogulayo anachita manyazi n'kukwera njinga yake. Alovi anabwera kudzailowetsa kuchipinda, ndipo Esnati anagona pakhomo pake mpaka ine nditatuluka. Petulo ndi anzake aja ndiwo abale amene ankati amandikonda kuposa mkazi amene ankandipatsa nandolo.

Ndinatuluka kumayambiriro kwa Malichi, ndikuyenda ndi ndodo. Ndinapeza Petulo atakhala pakhonde, wokonzeka kufotokoza. Sindinamupatse mpata. Ndinamuuza kuti pamaliro ndi paukwati tizionana monga abale, koma padoko langa ndi pakhonde langa asapondeponso. Kwa achemwali ndinatumiza uthenga wakuti akafuna kudzacheza abwere, koma kukhitchini kuli mwini wake. Azibambo a tiyi sindinafunike kuwathamangitsa. Ndinangobweza shuga kusitolo.

Kuyambira pamenepo sindinapatukenso. Mgaiwa wosakaniza mapira, mtanda umodzi. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama. Masamba ambiri, nsomba yosakazinga. Nyengo ya mango ndinkadya limodzi, osati dengu. Nzimbe, thobwa lotsekemera ndi mandazi ndinazisiyira ena. Mwezi uliwonse ndinkapita kukakhala pabenchi la kuchipatala ndi kabotolo kanga. Bala linapola bwino, ndodo ndinaitaya mu Juni, ndipo ndinaphunzira kuyenda ndi zala zinayi kuphazi limenelo. Thupi linapitiriza kutsika mpaka linaima lokha, nditataya kulemera kofanana ndi theka la thumba la chimanga kapena kuposerapo. Nyengo ya utaka itafika ndinakwera boti kwa nthawi yoyamba patapita zaka zambiri, n'kugwira chingwe pamodzi ndi alovi. Manja anatupa matuza, koma mtima unagunda bwino.

Mudzi unadikira maliro anga. Dzinja linadutsa, linabwera lina. Munthu woyenera kufa uja ankapalasa njinga kupita kuboma ndi kubwera tsiku lomwelo. Pang'onopang'ono benchi la kutchalitchi linadzazanso, ndipo anthu omwe ankakana chikho changa anayamba kunena kuti iwo ankadziwa kale kuti ndi shuga. Palibe amene anapepesa, ndipo sindinayembekezere. Patatha zaka ziwiri ankhoswe a mnyamata wa ku Makokola uja anatulukira, nkhuku ili m'manja, akuti amalume aja abwerako kuulendo. Ndinaitana Esnati kuti ayankhe yekha. Anagwada mwaulemu n'kuwauza kuti banja limene limathawa mphekesera silingapirire matenda enieni, ndipo nkhukuyo abwerere nayo. Anadzakwatiwa ndi mwana wa mlongo wawo wa a Alubetu, mlimi wa kumtunda, ndipo ali ndi ana anayi. Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo, koma banja limenelo linakhala, ndipo mapira amene ndimadya mpaka lero amachokera m'munda mwawo.

Tsopano ndine wokalamba. Shuga ndikadali naye, ndipo ndimamwa kapiritsi m'mawa uliwonse. Maso amafuna magalasi powerenga, koma boti langa ndimalizindikira lili kutali. Kulemera kwanga sikunasinthe kwenikweni kuchokera nthawi imeneyo. Madzulo aliwonse ndimasambitsa mapazi ndi kuwayang'ana pansi ndi pakati pa zala, ndipo sindiyenda opanda nsapato ngakhale kupita kubafa. Maukonde ndinapereka kwa ana, koma nyanja ikakhala bata ndimapitabe nawo. Ambiri mwa amene ankayembekeza kudya nyemba za pamaliro anga ndinawaperekeza kumanda ndine, ndipo ena mwa iwo anapita ndi matenda omwewa, atatupa mapazi, akumwa mizu.

Kwa amene mukuwerenga ndikuti: mukaona ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, maso achifunga, dzanzi kumapazi kapena bala losapola, musafunse anzanu a pabawo, musafunse wachibale amene akudziwa mtengo wa katundu wanu. Pitani kuchipatala sabata yomweyo. Akakuuzani kuti musinthe chakudya, sinthani, ndipo musasiye mankhwala kapena kudumpha mwezi chifukwa mwayamba kupeza bwino. Mukayamba kuwonda anthu adzalankhula. Asiyeni alankhule, pakamwa pawo sipachiza ndipo sipapha. Mzere wa kuchipatala ndi wautali, benchi lake ndi louma, ndipo mutha kukhalapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Komabe pitani mukaime pamzerewo mukadali ndi miyendo yanu iwiri yoimira.